Theka la Piritsi, Chigamba pa Ntchafu

M'chipinda chozizira cha fakitale ya nsomba ku Peterhead,
momwe mpweya wa m'kamwa umasanduka utsi,
ine ndekha thukuta kamukamu.
Grażyna wavala majuzi awiri, mano akugwedera,
ine ndamasula kolala, ndatsamira bokosi la ayezi,
ndikunyeka ngati simbi yoiwalika pa nsalu.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumeza kapiritsi koyera m'mawa.
Anandipatsa chaka chimene tulo tinandithawa,
chimene ndinalira m'basi popanda wondiputa.
Anati ndi matenda a maganizo. Mwina analidi.
Sindikanyoza ayi, kanandigwira dzanja,
kanandiwolotsa miyezi imene dzuwa limalowa tisanaweruke.
Koma kanaimika galasi pakati pa ine ndi zinthu.
Pa ukwati wa Morven ndinamwetulira pa zithunzi zonse
mtima uli zii, ngati tiyi wa dzulo.

Dokotala Rennie, wamng'ono kwa mwana wanga,
anandiyang'ana m'maso, osati pa kompyuta:
"Munaleka liti kupita kumwezi?"
Ndinawerenga zala. Palibe anali atandifunsapo.
Anati thupi latseka sitolo ina mwakachetechete,
mahomoni atha pa shelefu.
Anandilembera zigamba zomata pakhungu ndi kapisozi wa usiku,
kenako anajambula masitepe kuseri kwa envulopu:
piritsi lathunthu, theka, theka la theka.
"Osalumpha, osathamanga. Mukaterereka mundiimbire."

Tsono Lolemba ndi Lachinayi ndimamata chigamba pa ntchafu,
kanthu ngati selotepi, kopanda ulemu uliwonse.
Chakale chimasiya mzere wakuda wa ulusi wa buluku,
ndimaupukuta ndi mafuta odzoza makanda.
Piritsi ndimalidulira pa thabwa la anyezi.
Manja awa amatumbula nsomba mazana patsiku
koma apa amanjenjemera.
Theka lina limadumpha, ulendo pansi pa firiji,
Murdo n'kugwada ndi tochi, mawondo akulira.

Sabata yachitatu, timphezi m'mutu
ndikatembenuza maso msanga.
Chizungulire pamakwerero.
Ndinakalipira supuni. Supuni!
Ndiimbe mlandu ndani, wolowa kapena wotuluka?
Alendo awiri akumana pakhomo lopapatiza,
uyu ndi chikwama chake, uyo akutuluka chafutambuyo,
akugundana mapewa,
ndipo chitseko chake ndine.

M'kope ndimalemba monga anandiuzira.
Tulo: maola anayi.
Kutentha: kasanu.
Kulira: kamodzi, chifukwa chake sindikuchidziwa.
Masamba angapo kutsogolo, ndi cholembera china:
tulo, mpaka wotchi kulira.
Ndinasisita pilo kawiri, osakhulupirira kuti ndi wouma.

Dzulo poweruka, mphepo ya kunyanja
inandilowa m'khosi, ndipo ndinamva kuzizira.
Ndinaima padoko ndikuseka ngati wopenga,
n'kubwereka juzi imodzi kwa Grażyna.
Boti linkakocheza, mnyamata anaponya chingwe,
bambo wina pamtunda anachiwakha osayang'ana n'komwe.
Basi, zomwezo.
Misozi inangobwera, yotentha, yamchere,
yopanda galasi patsogolo pake.
Grażyna anandipatsa kansalu konunkha nsomba, osafunsa kanthu.

Sindidziwa ngati ndidzafike pansi pa masitepe aja.
Tizidutswa toyera tili m'kambale pafupi ndi ketulo.
Mwina ndikhala nato mpaka masiku atalikenso,
mwina ndidzabwerera ku theka, si mlandu.
Mayi anga anadutsa njira iyi atatseka pakamwa,
akusenda mbatata, akupukuta khosi ndi epuloni,
ndipo ife tinkati angokhala aukali.

Lero ndi Lachinayi.
Ndakhala pamphepete pa bafa, ndikumatula chakale,
ndikusindikiza chatsopano ndi chikhatho, kuwerenga mpaka khumi.
Kuchipinda Murdo akufunsa, monga usiku uliwonse
kwa zaka zonsezi, ngati asiye zenera lotsegula.

Tseka, ndikutero.
Ubweretsenso bulangete lija.